A Kera Sankamanga Mfundo

Kwathu kuno munthu salowa m'manda ndi mfundo. Zingwe za nsapato amamasula, lamba amamasula, kansalu komangira chibwano ndi kachingwe ka kumapazi amazichotsa bokosi lisanatsekedwe. Womangidwa sapita, amangozungulira pomwepa. Mwana aliyense wa m'mapiri ano a Rodopi amadziwa zimenezi asanadziwe kupukuta mamina. Inenso ndinkadziwa. Ndaneneratu kuti pasadzapezeke wondiikira kumbuyo.

Koma nkhani si yanga. Ndi ya alamu anga a Kera, amene tinawaika chaka chatha nthawi yokumba mbatatesi. Mdzukulu wawo wa ku Plovdiv anandibweretsera kope ndi zolembera ziwiri, akuti ndilembe za agogo ake poti amene tinawaona ali mtsikana ndatsala ndekha. Ine Raicho sukulu ndinalekeza kalasi lachinayi, aphunzitsi atandipeza ndikuponya madayisi kuseri kwa chimbudzi. Ndiye mwana iwe, ukapeza zokhota, uwongole wekha.

A Kera anabadwira kumtunda, kumakola a nkhosa, kumene mphepo imavula munthu chipewa n'kukachipereka ku Girisi. Bambo awo ankaweta nkhosa za eni. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi awo anawakoleka ulusi m'khosi monga amalukira akazi a kuno, n'kuwapatsa singano zisanu. Sindikudziwa ngati ulusiwo unachokamonso m'khosimo. Kusukulu anapita nawo, aphunzitsi n'kulanda singano, iwo n'kusema zina za mtengo pobwerera. Atakula analowa ntchito yotunga fodya kukoparetivi, ndipo pa nthawi yopuma, anzawo akudya mkate ndi tchizi, iwo sokosi ili lendelende pachifuwa. Ankaluka akuyenda, ankaluka akukalipa. Pamaliro a apongozi awo ndinawaona ndi maso angawa akuluka kuseri kwa chitseko, misozi ili chuchuchu.

Ulusi ukaduka, akazi ena amangomanga mfundo n'kuibisa mkati. A Kera ayi. Ankamasula nsonga ziwirizo, kuzilavulira timalovu, n'kuzipekesa m'zikhatho mpaka zigwirane ngati sizinadukepo. Ukatembenuza juzi yawo, kufufuza kuyambira kukhosi mpaka m'chiuno, sukanapeza kamfundo n'kamodzi komwe.

Anali munthu wouma nkhope. Ine ndinawaputa zaka zoposa makumi asanu, poti ndiyo ntchito ya mlamu, koma anandisekera kawiri kokha. Koyamba panali paukwati wawo, nditagwera m'chomwera nyulu ndikuvina. Kachiwiri ndifikako.

Anakwatiwa ndi msuweni wanga Vangel, amene ankakoka mitengo ndi nyulu m'nkhalango. Anabereka ana awiri, onse anatsetserekera kumatauni monga achitira ana a aliyense kuno. Vangel anali ndi matenda awiri, mkonono ndi tabla, masewera athu a madayisi. Wa mkononowo ankavutika nawo a Kera, wa tablawo ndinkavutika nawo ine. Tsiku lililonse chakumasana tinkakhala kwa Strahil, kumene amagulitsa khofi ndi rakiya, kachasu wa kuno, bolodi lili pakati, mabatani khumi ndi asanu ake, khumi ndi asanu anga. Madayisi kuno aliyense amayenda ndi ake, osema pa fupa la ng'ombe, chiyambire pamene bambo ake a Strahil anagwira mlendo wina ndi madayisi othira mtovu mkati. Tsono Vangel matumba a mabuluku ake ankabooka ngati sefa. Mlungu sunkatha osamuona akukwawa pabwalo pakati pa nkhuku kufunafuna madayisi, a Kera akumuthandiza ndi chipsepse. Atatopa nazo anamulukira kathumba.

Ankayambira pansi, masititchi asanu ndi atatu pa singano zinayi, yachisanu ikuyenda mozungulira, n'kumawonjezera mpaka tako la kathumba likule ngati chikhatho cha khanda. Kenako ankakwera nako, mothina kuti dayisi lisasuzumire. Chakumapeto ankasiya mzere wa timabowo, n'kupisamo kachingwe kopota ndi ulusi womwewo. Ukakoka, kukamwa kumatseka. Amuna onse a kwa Strahil ataona anayamba kudandaula za matumba awo, ngakhale amene mabuluku awo anali atsopano. A Kera anawalukira onse, aliyense ndi ulusi wotsala pa masokosi ake, moti ukaona kathumba patebulo unkadziwa mapazi a mwini wake. Kanga kanali kobiriwira. Ka Vangel komaliza kanali ka ubweya wa nkhosa yakuda, kamzere kamodzi kofiira ka makoko a anyezi.

Popereka ankanena mawu omwewo kwa aliyense: "Mukoke, muzungulize katatu, nsonga mupanikize pansi pake. Musamange. Mfundo ndi ya aulesi."

Vangel anafa m'Julaye, Lachinayi, dzuwa lili paliwombo. Tinali patebulo lathu la pafupi ndi zenera. Ine ndinali nditatsala ndi mabatani awiri, iye anayi, ndipo woponya anali iyeyo. Madayisi akanagwa ofanana, akanachotsa onse anayi n'kundidya. Akanagwa osiyana, ndikanamaliza ine. Wogonja kuno amamupanikiza bolodi m'khwapa, ayende nalo mpaka pachitsime cha pakati pa mudzi n'kubwerako, anthu akumuwombera m'manja.

"Konza khwapa, msuweni," anatero, akugwedeza madayisi m'dzanja lamanzere. Lamanja linali louma zala chiphwanyire ndi tcheni cha mitengo.

"Ponya, nkhalamba iwe. Khofi wazizira."

"Ndikuwafunditsa kaye."

"Ukuwafunditsa kapena ukuwanong'oneza? Wakuba iwe, ndimakudziwa."

Anagwedeza, anagwedeza. Kenako anandiyang'ana ngati waiwala dzina langa, n'kutsamira khoma. Ndinayesa ndi zake zija. Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo kawiri. Strahil ndi amene anasiya matambula n'kubwera, anamugwira pakhosi, n'kuvula chipewa. Madayisi anali adakali m'chikhatho. Ndinatambasula zalazo chimodzichimodzi, ndinawatenga, ndinatenganso kathumba kake patebulo, ndinaika m'thumba mwanga. Strahil anafunditsa bolodi ndi nsalu yoyera, mabatani ali momwemo, nati palibe adzaligwire mpaka masiku makumi anayi atakwana.

Mmawa mwake a Zlata, amene ankasambitsa akufa a m'mudzi muno, anachita zawo bwinobwino. Anamasula zonse, anafufuza m'matumba, anapisa dzanja ngakhale m'masokosi. Ine ndinali kunyumba kwanga ndikuchita zanga. Ndinaika madayisi a Vangel m'kathumba kake, ndinakoka chingwe, ndinamanga mfundo, ndinamanganso ina pamwamba pake, n'kukoka ndi mano mpaka inalimba ngati njere ya tcheri. M'tchalitchi, titandanda kuti titsanzike, ndinawerama ngati ndikumupsompsona pachipumi, dzanja n'kulowa m'thumba la mkati la jekete lake.

"Tione ngati ukabere kumeneko," ndinamunong'oneza. "Masewera aja sanathe."

Ndinkati nthabwala saiwerengera. Komanso ndikanapanda kuchita kanthu kopusa, ndikanalira pamaso pa akazi. Anatseka bokosi, tinamuika, tinadya tirigu wophika wothira shuga, tinabalalika.

Zinayamba tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirire Vangel. Tinali titabwerako kumanda kokathira vinyo, tili anthu asanu kwa Strahil. Kunja kunali kotentha moti ngakhale nyenje zinali zitatopa kulira. Tebulo la pazenera palibe anakhalapo. Ndiye tinamva kho, kho, kho, chapansipansi. Aliyense wa ife analidziwa phokosolo, poti tinakulira momwemo. Anali mafupa awiri akugundana m'kansalu. Linapitirira nthawi yokwana kumwa kapu imodzi ya khofi, n'kusiya.

"Ndi firiji," anatero Strahil.

Mawa lake anazimitsa firiji nthawi ikadalipo. Dzuwa litafika paliwombo, kho, kho, kho. Galu wake, amene zaka zonse ankagona pansi pa tebulo limenelo kudikira nyenyeswa za Vangel, anadzuka n'kukagona pamsewu, padzuwa. Tinkadikira kuti timve madayisi akugwa pathabwa, poti wogwedeza amaponya. Sankagwa. Mlungu usanathe amuna anayamba kupeza zochita masana. Wina akuti akupopera nyemba, wina akuti dokotala wamuletsa khofi. Ine ndekha ndinkabwerabe kuti ndisaoneke ngati ndikudziwapo kanthu, koma khofiyo ndinkamumva ngati madzi otsukira mbale.

Ansembe athu amachokera mudzi wina, amabwera kamodzi pa milungu iwiri. Ndinawafunsa mozungulira, ngati ndikufunsira munthu wina, kuti kodi kachingwe kangaletse munthu kupita kwa Mulungu. Anati Mulungu sakodwa m'zingwe, zimenezo ndi nkhani za akazi okalamba. Ndinawafunsanso za kufukula manda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati ndichepetse rakiya.

Tsiku la makumi atatu ndi atatu, phokoso linasowa kwa Strahil. Ndinapuma. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba likhweru. Ndisanavule nsapato ndinamva kugogoda.

"Alamu, mulimo?"

Anali a Kera, atavala zakuda kuyambira kumutu, ulusi uli m'khosi koma manja ali chabe. Manja a Kera opanda singano ndinali ndisanawaonepo. Ankaoneka ngati a munthu wina.

"Ndilimo. Koma ngati mwabwera kudzandifunsira, dikirani masiku makumi anayi akwane, anthu angatinene."

Anatulutsa mpukutu wa ulusi woyera m'thumba la epuloni n'kuuika patebulo. Anausombolola pang'ono. Unali ndi mfundo, ina apa, ina apo, zothina kwabasi.

"Dzana zinali zitatu," anatero. "Dzulo zisanu. Ndikamasula madzulo, mmawa ndipeza zina. M'nyumba ndili ndekha."

"Mwina ndi mphaka."

"Mphaka anathawa Lolemba. Madzi amene ndinamuikira msuweni wanu pazenera sakuphwa. Kutentha konseku, mwezi wathunthu, tambula ili yodzaza ngati ndathira lero. Sakumwa, alamu. Manja ake atanganidwa ndi china." Anaukulunganso mpukutuwo. "Lero wabwera pageti. Ndamumva akugwedeza. Sanalowe, wangoima."

Ndinayang'ana pansi.

"Kathumba kake ndafufuza nyumba yonse. Strahil akuti munatenga ndinu. Kali kuti?"

Bodza ndimalidziwa, ndakhala nalo bwino moyo wanga wonse. Tsiku limenelo linandithawa. Ndinawauza zonse, ndi mawu amene ndinanong'oneza omwe.

"Munamanga kangati?"

"Kawiri."

"Ndi manja?"

"Ndi mano."

Anakhala pampando osawauza. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Analankhula akuyang'ana khoma.

"Inu mumati ndinkaletsa mfundo chifukwa cha mwano. Chiphwanyire dzanja lija, mwamuna uja sanamasulepo mfundo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikumumasula nsapato madzulo alionse, nditagwada kuseri kwa chitseko kuti ana asaone. Anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu, makamaka inuyo, poti mukanamuimba nyimbo mudzi wonse. Amuna enawo ndinkawaletsa kuti iye asaoneke yekha."

Ine amene ndinakhala naye moyang'anizana tsiku ndi tsiku, ndinkangoona kuti amaponya ndi lamanzere.

"Kwatsala masiku asanu ndi awiri," anatero. "Tsiku la makumi anayi akapanda kupita, sapitanso. Ine ndamudikira pa chakudya cha masana zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri chifukwa cha inu ndi bolodi lanulo. Zimenezo ndinapirira. Koma ndikadzapita kumeneko ndikufuna ndikamupeze. Sindikufuna ndikakhale ndekha uko, iye ali pageti kuno."

"Ndiye titani, alamu?"

"Ulusi wakuda uja unatsalako, uli m'bokosi la zovala. Ulusi wa mpukutu umodzi ndi umodzi, ngakhale uudule. Ndiluka kena kofanana nako, kuyambira pansonga pomwe ndinadula. Inu mukamanga monga munamangira, mukamasula pamanda pake."

"Izi munazimva kwa yani?"

"Kwa munthu aliyense ayi. Muli ndi nzeru ina?"

Ndinalibe.

Kathumba kotere a Kera ankakamaliza mphika wa nyemba usanapse. Aka anakaluka masiku asanu ndi limodzi, chifukwa ankaluka nthawi yokhayo imene iye ali pageti. Ankati aziona. Ine ntchito yanga inali kukhala pakhonde pambali pawo, mpukutu wakudawo nditaufumbata ndi manja onse awiri kuti mfundo zisalowemo. Msewu unkakhala zii, mazenera onse otseka chifukwa cha dzuwa, mthunzi wa geti utabisala pansi pa geti lomwelo. Ndiye kho, kho, kho. A Kera ankanyamula singano osayang'ana n'komwe kugetiko.

"Wafika," ankatero, ngati akunena za galimoto ya mkate.

Ine ndinkayang'ana. Panalibe kanthu, koma udzu wa pamenepo unali utagona, ndipo nkhuku zinkazungulira patali.

Tsiku loyamba anapanga tako la kathumba, masititchi asanu ndi atatu aja. Lachitatu analowetsa kamzere kofiira, kulavulira ndi kupekesa monga mwa masiku onse. Ndinayesa kuwaseketsa, poti chete amandidwalitsa.

"Muluke kokulirapo, alamu, mwina kumeneko anamupatsa madayisi a golide."

"Gwirani ulusi. Kamwa lanulo lagwira kale ntchito yake."

Tsiku lachinayi ndinamva mpukutu ukukokedwa m'manja mwanga. Poyamba ndinati ndi a Kera, poti ulusi umapita kwa iwo. Koma ulusi wopita kukhosi kwawo unali wolenjekeka, wosakungika. Chokokacho chinkachokera pansi, pang'onopang'ono, monga imachitira nsomba yaing'ono ikamalawa nyambo. Ndinatsegula pakamwa.

"Ndikudziwa," anatero a Kera. "Musataye."

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anasiya timabowo, anatseka masititchi, anapota kachingwe pantchafu n'kukapisa. Anakakweza kathumbako padzuwa n'kukatembenuza. Ndikanalumbira m'khoti kuti ndi komweko kamene ndinaika m'jekete.

Pa tsiku la makumi anayi mudzi wonse unapita kumanda mmawa. Ansembe anawerenga, tinathira vinyo padothi, tinayatsa makandulo, tinagawana tirigu. Ana a Vangel anabwera pagalimoto. Mwambo utatha a Kera anawauza kuti atsogole akaike matebulo, iwo atsala pang'ono ndi alamu awo. Mwana wamkazi anandiyang'ana mokayika, koma anapita.

Manda athu ali pamtunda, opanda mtengo wa mthunzi. Tinakhala pamwala wa manda oyandikana nawo, kudikira. Sera ya makandulo inasungunuka n'kuyenderera m'dothi. Mthunzi wa mtanda unafupika, unafupika, mpaka unalowa pansi pa mtandawo.

"Ikanimo madayisi anu," anatero a Kera. "Mumange."

Ndinatulutsa anga m'kathumba kobiriwira, ndinawaika m'kakudako. Ndinamanga mfundo, ndinamanga ina.

"Ndi mano. Monga munachitira."

Ndinaluma n'kukoka. Pomwepo kathumba kanazizira m'dzanja langa ngati mwala wa mumtsinje. Dzanja linali phee, ndikulumbira, ndinaliyang'ana. Koma m'katimo munayamba kho, kho, kho. Ndipo pansi pa mapazi athu, patali, linkayankha lina.

"Masulani."

Ndinayamba ndi zikhadabo. Zikhadabo za nkhalamba n'zofewa ngati khoko la dzira, chimodzi chinathyoka nthawi yomweyo. Thukuta linkalowa m'maso. Mfundo inali itameza chingwe chonse, posaoneka poyambira. Ndinapisa dzanja m'thumba kufuna kampeni kanga.

"Ayi," anatero a Kera. "Mfundo yodula ikadali mfundo. Mwangoichotsa pamalo."

"Sikutheka, alamu."

"Inu muli ndi zala khumi. Iye ali ndi zisanu, ndipo wayesa masiku makumi anayi."

Phokoso la pansi lija linayamba kuchepa, kutalikirana, monga achitira munthu dzanja likatopa. Nthawi yake ya tsiku ndi tsiku inali kutha, ndipo mawa kunalibe. Ndinagwada padothi. Ndinaika mfundoyo m'kamwa, kufufuza ndi lilime pomwe chingwe chinapindikira, n'kulowetsapo dzino lakutsogolo. Mano ndinali nawo asanu nthawi imeneyo. Ndinakoka, ndinamva dzino likugwedezeka muzu, magazi ali m'kamwa. Ndinalankhula chingwe chili m'mano.

"Vangel, galu iwe, gwira mbali yako."

Sindikunena kuti anagwira. Ndikunena kuti mfundo yapamwamba inafewa, n'kutuluka. Yachiwiri inamasuka yokha, ngati yakhala ikungodikira. Dzino linatsalira m'dzanja langa.

A Kera anandilanda kathumbako. Anasolola chingwe chonse m'timabowo, anakhuthulira madayisi anga m'chikhatho changa chamagazicho, anapeza nsonga ya ulusi pakamwa pa kathumba, n'kuyamba kukoka. Choluka cha a Kera chinalibe pogwira, chinkangotsika mzere ndi mzere, iwo akukulunga pazala. Kamzere kofiira kanadutsa. Tako la kathumba linatha, masititchi asanu ndi atatu aja anamasuka. Pamenepo ulusi unayenera kutha. Sunathe. Unapitirira kubwera kuchokera pakati pa zala zawo, wopiringizika monga umakhalira ulusi umene wakhala nthawi m'choluka, wonyowa, wonunkha dothi. A Kera sanasiye kukulunga, nkhope ili gwa. Kenako kanadutsanso kamzere kena kofiira. Patapita kanthawi nsonga inatuluka, n'kugwera pa epuloni yawo.

Kunali zii. Pansi panalibe phokoso, m'dzanja langa munalibe phokoso. Nyenje imodzi inayamba kulira kumpanda.

Anaika mpukutuwo m'thumba, anadzitema mtanda, anasasa dothi kumaondo. "Tiyeni, chakudya chizizira."

Podutsa kwa Strahil tinamupeza ataima panja, padzuwa, pafupi ndi galu wake, chopukutira matambula chili m'manja.

"Aponya," anatero. "Kamodzi. Pansi pa nsalu paja. Ine sindinavundukule."

Ndinalowa ndekha. Ndinachotsa nsalu. Mabatani anali momwe tinawasiyira, awiri anga, anayi ake. Madayisi panalibe. Koma pa fumbi lopyapyala limene linalowa pansi pa nsaluyo panali timalo tiwiri toyera, tamakona anayi, toyandikana, kumbali yake. Chimene chinagwa palibe angadziwe. Ine ndikumudziwa msuweni wanga. Munthu sagwedeza masiku makumi anayi n'kuponya osiyana.

Ndinatseka bolodi, ndinadzipanikiza nalo m'khwapa, n'kuyamba ulendo wa kuchitsime, magazi ali pamalaya, mpata uli pamano. Wowomba m'manja panalibe. Pobwerera ndinapeza a Kera ataima pomwe ndinawasiya. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anagwira khoma. Kumeneko ndiye kunali kwachiwiri.

Madzulo ake mdzukulu wawo, yemwe wandipatsa kopeyu, anafunsa kuti ndani wamwa madzi a pazenera. Iwe sukumbukira, unali wamng'ono. Agogo ako anakuyankha kuti ndi dzuwa.

A Kera anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi. Analukabe masokosi, majuzi a zidzukulu zimene zinkawavala tsiku lobwera kuno lokha, ndi tinsapato taubweya timene amayi ena ankakagulitsa kwa alendo kumsewu waukulu. Tumatumba ta madayisi analeka, komanso ofuna anali atatha. Mmodzimmodzi amuna a kwa Strahil anakwera kumtunda kuja, aliyense ndi kathumba kake m'jekete, chingwe atachisolola a Kera ndi manja awo. Maso atayamba kuchita nkhungu sanadandaule, ankati zala zawo sizinafunepo maso. Ine ndinkapita kukawawazira nkhuni, iwo n'kumandiuza kuti ndawaza zazikulu.

Chilimwe chawo chomaliza anandiitana pakhonde. Anandipatsa kanthu kokulunga m'pepala. Kanali kathumba kakuda, mizere iwiri yofiira, kopanda timabowo, kopanda chingwe.

"Aka n'kachiyani, alamu? Madayisi agwamo."

"Agwe. Inu ndi chingwe musadzaonanenso."

"Nanga mwafulumira bwanji? Ine ndikadali mnyamata, akazi a ku Smolyan akundilimbirana."

"Ine sindidzakhalapo kuti ndikukonzeni. Sungani m'thumba la mkati."

Anamwalira pampando wawo, masana, sokosi ili theka. A Zlata anali atapita kale, ndiye anawasambitsa amayi awiri achichepere amene anakulira kutauni. Bokosi lisanatsekedwe ndinapempha kuti onse atembenuke. Ndinafufuza ndekha. Mpango wa kumutu anali ataumanga pansi pa chibwano, mfundo yokongola ngati ya paukwati. Ndinaimasula ndi zala, mosavuta. Ulusi wa m'khosi ndinausiya, poti munalibe mfundo.

Kathumba kaja kali m'jekete pamene ndikulemba pano. Sikanaumepo kwenikweni. Mvula ikamayandikira fungo la dothi limakwera mpaka kumphuno. Kwa Strahil tsopano timakhala awiri, ine ndi Strahil yemwe, ndipo iye tabla sadziwa, amawerenga ndi chala. Bolodi la pazenera ndimalitsegula ndekha dzuwa likafika paliwombo, ndimandandalika mabatani mbali zonse ziwiri, n'kumwa khofi wanga. Palibe chimamveka. Koma galu watsopano wa Strahil, amene Vangel sanamuonepo, wayamba mwezi uno kudzuka nthawi imeneyo n'kukaima pakhomo, kuyang'ana kumtunda, mchira ukugwedezeka pang'onopang'ono. Wogonja ndi amene amayala bolodi la masewera otsatira, lamulo lake ndi limenelo. Zingwe za nsapato ndinachotsa kale, ndikuyenda chokhwekhwereza ngati bakha.